Mlendo wa mu Ogasiti

Atikonda anafika pa depoti ya pa Ntcheu Boma dzuwa lisanakwere, koma masana anamupeza ali pomwepo, atatsamira khoma la golosale, miyendo itachita dzanzi. Akulu a mpingo anamutuma kuti akachingamire achinyamata ochokera ku Blantyre ndi kuwalondolera njira ya kwa Kadzuwa. Achinyamatawo ankabwera kudzathandiza kumanga sukulu ya mkombaphala ya mpingo, kumene iye ankaphunzitsa ana mongodzipereka.

Kunena zoona, mtima wake sunali pa alendowo. Chaka chapitacho kunabwera gulu lina. Linakumba maziko, linajambulitsa zithunzi, basi n'kumapita. M'maziko muja munamera chisoso, ana n'kumaphunzirabe m'tchalitchi, pa simenti yozizira. Nanga awa adzasiyana pati ndi anzawo aja?

Kenako kosita yoyera inakhota n'kuima, nyimbo za kwaya zikumveka m'kati. Woyamba kutsika anali mnyamata wamtali wovala tisheti ya buluu. Anamwazamwaza maso, kenako analunjika kwa iye.

"Ndinu asisi Atikonda? Ine ndine Cedric, wapampando wa achinyamata. Pepanitu kwambiri, tayala linatiphulikira pa Manjawira."

"Palibe kanthu. Bola mwafika bwino."

"Palibe kanthu bwanji milomo itauma chonchi? Mwadyako kanthu chifikireni?"

Funsolo linamudabwitsa Atikonda. Kumpingo anthu ankamufunsa ngati phala la ana lapsa, ngati makiyi ali nawo, ngati mabenchi abwezedwa. Zoti wadya kapena ayi, palibe ankazifunsa.

Cedric sanadikire yankho. Anathamangira m'golosale muja n'kutulukamo ndi chakumwa chozizira ndi mabanzi awiri.

"Idyani kaye. Kosita iyi sinyamuka mpaka mumalize. Mwatidikira tsiku lonse, nafenso tikudikireni."

Anzake m'galimoto anaseka ndi kuomba m'manja. Atikonda anadya mwamanyazi, atatembenukira kukhoma. Koma pokwera kosita ija, miyendo yake inali itapepuka.

Ntchito inayamba m'mawa mwake. Kwa Kadzuwa ndi kumtunda, ndipo mphepo ya mu Ogasiti imalowa mpaka m'mafupa. Alendo ena ankatuta njerwa, ena kusefa mchenga, ena kusakaniza simenti motsogozedwa ndi mmisiri wa m'mudzimo. Chovuta chinali madzi. Mjigo unali kumunsi kwa chitunda, ndipo amayi a mpingo amene analonjeza kuthandiza anali kumadimba, kukumba mbatata ya kachewere. Ndowa zonse zinagwera Atikonda.

M'mawa ankatsika ndi kukwera chitundacho mpaka khosi kuuma. Masana ankasonkhanitsa ana pabwalo kuti atsikana a ku Blantyre awaphunzitse nyimbo, kujambula zithunzi ndi kusewera ndi mabaluni. Ana akamenyana polimbirana baluni, woleretsa anali iye. Mwana akadzikodzera, womusambitsa anali iye. Alendo ankajambula ndi mafoni awo.

Tsiku lina ali pamjigo, anamva munthu akutsetsereka pamiyala kumbuyo kwake. Anali Cedric, ndowa ili m'manja.

"Mundibwerekeko nkhata."

"Muthyoka khosi, achimwene. Izi si za anthu a m'tauni."

"Likathyoka mudzandisamala ndinu. Ndisenzetseni!"

Anamusenzetsa. Pofika pakati pa chitunda, theka la madzi linali litathera pa tisheti ndi m'nsapato. Atikonda anaseka mpaka kutula ndowa yake pansi. Anali ataiwala kuti amatha kuseka chotero.

Cedric anakhala pamwala akunjenjemera ndi kuzizira, n'kumuyang'ana.

"Atikonda. Atikonda. Kodi amene atikondayo ndani?"

"Mulungu, kumene."

"Ndiye ine ndachedwa, malo oyamba anatengedwa kale. Nanga achiwiri alipo?"

"Inu, bwererani kunjerwa!"

Anamuthamangitsa ndi pakamwa, koma tsiku lonselo ankangomwetulira yekha, mpaka ana kumufunsa chimene chamusangalatsa.

Kuyambira pamenepo Cedric sankaphonya kumjigo. Ankapopa, iye akutchera ndowa. Manja ake a muofesi anatuluka matuza, ndipo Atikonda anawamanga ndi kansalu kong'amba pachitenje chake chakale. Ankamufunsa zinthu zimene palibe mnyamata wa kwa Kadzuwa anamufunsapo. Amalota chiyani? Bwanji sanabwereze mayeso a Fomu 4? Akanakhala ndi mwayi akanakhala ndani?

"Mphunzitsi weniweni," Atikonda anayankha. "Wa satifiketi, osati wa phala."

"Udzakhala. Ndikuona m'maso mwakomo."

Atikonda anadzidzimuka atamva liwu limenelo.

"Mwati udzakhala?"

"Eya. Ndatopa ndi kukunena kuti inu. Inu ndi wa anthu akutali. Ine ndikufuna iwe, duwa langa la kumapiri."

"Mawu amenewo mwawauza angati?"

"Ndiwe woyamba. Mulungu ndi mboni."

"Musamutchule pachabe."

"Ndiye tamvera. Denga la sukulu iyi lisanakwere, ine ndidzakhala nditabwera ndi amalume anga kudzagogoda pakhomo pa amayi ako. Ndikalephera, udzanditche wabodza pamaso pa mpingo wonse."

Mtsikana ndani akanalimba mtima? Atikonda anayang'ana pansi, chala chakuphazi chikujambula m'matope a pamjigo. Sananene kuti inde. Koma Cedric atamugwira dzanja, sanalichotse.

Alendo ananyamuka makoma atafika m'mawindo. Analonjeza kudzabweranso chaka chamawa ndi malata. Kosita isanafike ngakhale pa Boma, kafoni ka mabatani ka Atikonda kanalira.

"Ndasiya mtima wanga pamjigo. Undisungire, duwa langa."

Kwa Kadzuwa netiweki yodalirika imapezeka pachulu cha kuseri kwa khola la mbuzi la a Nangozo, mayi ake a Atikonda. Chulu chimenecho chinasanduka kwawo kwachiwiri. Akaweruka ndi ana, ankakwera pamenepo, foni m'mwamba, kudikira kuti ilire.

"Wadzuka bwanji, mfumukazi yanga? Ndalota tikupita kutchalitchi, iwe utavala zoyera."

"Ndikadya sindikhuta. Chakudya cha kuno chilibe dzanja lako."

"Pa Khirisimasi ndikubwera. Uuze amayi akonzeke kulandira mkamwini."

Atikonda ankawerenga uthenga uliwonse mobwerezabwereza mpaka batire kutha. Foni ikadzaza, ankafufuta mauthenga a anthu ena onse, a Cedric okha n'kuwasiya.

A Nangozo ankaona zonsezo. Tsiku lina akusankha mbewu ya kachewere pakhonde, analankhula osadzutsa mutu.

"Mwana wanga, mlendo ndi mame."

"Uyu si mlendo wamba, amayi. Ndi munthu wopemphera."

"Opempheranso amakwera galimoto n'kupita kwawo."

Mvula yoyamba itagwa, azakhali ake a Atikonda, a Pauline, anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi nkhani yabwino. Ankafuna mtsikana wowathandiza muokala yawo m'mawa, masana azipita kusukulu kukabwereza Fomu 4. Fizi adzalipira okha.

"Ndaganiza za iwe, Atikonda. Mutu uli nawo. Ukhalira kuphika phala mpaka liti?"

Atikonda anathamangira pachulu kukatumiza uthenga. Cedric adzasangalala bwanji! Si iye amene anati adzakhala mphunzitsi?

Yankho linabwera mwamsanga.

"Usapite, wokondedwa wanga. Ku Lilongwe akakubera kwa ine, ndipo ine ndidzafa! Nanga sukulu yathu ayang'anire ndani? Pirira pang'ono. Tikakwatirana ukaphunzira kuno ku Blantyre, ndili pambali pako. Ndikulonjeza."

Atikonda anawerenga uthengawo kawiri. Kenako anatsika n'kukauza azakhali ake kuti sangasiye ana a mkombaphala opanda mphunzitsi. A Pauline anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu. Pobwerera ku Lilongwe anatenga msuweni wake wa Atikonda, Mayamiko.

Dzinja linali lalitali. Makoma opanda denga aja ankanyowa, ndipo Atikonda ankawafunditsa mapulasitiki ndi udzu. Mphepo ikachotsa, ankafunditsanso. Mbuzi zikalowa, ankazipirikitsa. Anthu ankamuseka kuti wakwatiwa ndi njerwa. Iye sankasamala. Cedric anati sukulu yathu!

Khirisimasi inafika, a Nangozo atasunga tambala. Cedric sanabwere.

"Abwana andikaniza tchuthi, duwa langa. Ndikulira pano. Pa Isitala sindilephera."

Isitala inafika. Atikonda anazira nyumba, anachapa makatani, anakalukitsa tsitsi pa Boma.

"Ndagwa ndi malungo aakulu, sindikutha n'kuima komwe. Undipempherere, moyo wanga."

Atikonda anasala kudya chifukwa cha malungo amenewo. Anagwada m'tchalitchi yekha, misozi ili m'maso, kupempha Mulungu kuti asamutengere munthu wake.

Mauthenga anayamba kufupika. Nthawi zina sabata inkatha foni ili zii. Iye akaimba, inkaitana mpaka kuduka. Ankatsika pachulu akudzifunsa chimene walakwa. Kodi chikondi chimatopetsa chonchi kwa aliyense? Koma akati ataye mtima, kafoni kankalira.

"Ntchito yandipanikiza, koma ndiwe mpweya wanga. Ogasiti wayandikira."

Ndipo ankayambanso kudikira.

Ogasiti anafikadi. Ulendo uno alendo anabwera mpaka patchalitchi okha, kosita patsogolo, lole ya malata ndi matabwa pambuyo. Ana anathamangira kumsewu akufuula. Atikonda anaima pakhomo la tchalitchi atavala diresi yake yatsopano.

Cedric anatsika. Anali atanenepako. Anapatsa moni akulu a mpingo mmodzimmodzi, kenako anafika pa iye n'kutambasula dzanja.

"Muli bwanji, asisi Atikonda? Ana ali bwanji?"

Asisi? Atikonda anamva ngati wathiridwa madzi a pamjigo. Koma Cedric podutsa anamunong'oneza msangamsanga.

"Pagulu tisaonetsere, duwa langa. Abusa athu ndi ovuta. Tidzalankhula."

Mtima unakhalako pansi. Nanga amalume ali kuti? Mwina abwera pambuyo. Mwina akufuna denga liyambe kaye.

Pogawa malo ogona, kwa a Nangozo kunapatsidwa mtsikana mmodzi, dzina lake Veronica, amene ankatsogolera zochitika za ana. Anali wofatsa, wa maso otopa, wosakonda kujambulitsa. Tsiku loyamba lomwelo anavula nsapato zake za m'tauni, n'kubwereka chitenje ndi ndowa.

"Simungatunge nokha madzi onsewa, asisi. Tiyeni."

Veronica sankataya madzi panjira. Mwana akalira ankamubereka. Anaphunzitsa ana kuumba ng'ombe ndi galimoto ndi dothi la kudimba m'malo mwa mabaluni ophulika tsiku lomwelo. Atikonda anamukonda. Kangapo konse anafuna kumuululira za Cedric, koma ankakumbukira kuti abusa ndi ovuta.

Cedric yekha ndiye sankapezeka. Kumjigo sanatsikeko. Nthawi zonse anali pamwamba pa makoma ndi amisiri, kukhoma matabwa, kapena pakati pa anzake. Pa chakudya cha masana Atikonda ankamupatulira nthuli yabwino n'kumupititsira yekha. Iye ankalandira maso ali kwina.

"Zikomo, asisi."

Madzulo kafoni kankalira. "Nyama ija inakoma ngati mwini wake. Mawa tilankhula." Mawa likafika, linkabala mawa lina.

Loweruka masana ntchito itaima, atsikana awiriwa anatsikira kudimba kukathandiza a Nangozo. Mayiwo ankakumba, iwo akutolera m'dengu. Veronica anatola kachewere mmodzi wamkulu, n'kumupukuta dothi pang'onopang'ono.

"Amayi, kachewere wanuyu ndi wabwino. Mu Okotobala mudzakhala mukadali naye?"

"Wa dimba lakumunsilo adzakhala atakhwima. Bwanji, mwana wanga?"

"Ndikufuna wa tchipisi cha pa ukwati wanga. Anthu adzachuluka. A Cedric ali ndi abale ambiri."

Khasu la a Nangozo linaima m'mwamba.

"A Cedric ake ati?"

"Omwewa, apampando athu. Chinkhoswe tinachita pa Isitala."

Pa Isitala! Atikonda anamva dimba lonse likuzungulira. Pa Isitala, iye atagwada pa simenti yozizira, m'mimba mulibe kanthu, kupempherera malungo! Malungo ake anali amenewa?

A Nangozo anatsitsa khasu mwamphamvu, n'kudula kachewere pakati. Sanayang'ane mwana wawo.

"Tidzaona nthawi ikadzafika," anatero.

Atikonda anasenza dengu losadzaza n'kuyamba kukwera chitunda. Sanalire. Misozi imafunanso mphamvu, ndipo iye analibe.

Anamupeza Cedric kuseri kwa sukulu, ali yekha, akusanja malata otsala.

"Achimwene a Cedric."

Anatembenuka, anayang'ana uku ndi uku, kenako anamwetulira.

"Iii, achimwene ayambanso liti, duwa langa?"

"Malungo aja munachira?"

"Malungo ati? Oho, aja! Ndinachira, mapemphero ako anagwira ntchito."

"Anagwiradi. Ndamva kuti munadzuka tsiku lomwelo n'kukavina pachinkhoswe."

Kumwetulira kuja kunazima. Cedric anaika lata pansi pang'onopang'ono.

"Wakuuza ndani?"

"Ndi zoona kapena ndi zabodza?"

"Atikonda, tamvera. Nkhaniyi ndi yovuta. Bambo ake a Veronica ndi mkulu wa mpingo, ndiwonso anandipezera ntchito. Makolo anandipanikiza. Ndikanatani ine? Koma mtima wanga uli kuno. Ndikulumbira, uli kuno!"

"Mtima uli kuno, ukwati uli ku Blantyre, kachewere wa paphwando achokere kudimba la amayi anga?"

"Kachewere wanji?"

"Chaka chathunthu, achimwene. Ndafunditsa makoma awa mvula ikundimenya. Anthu andiseka m'mudzi muno. Azakhali anabwera kudzanditenga kuti ndikaphunzire, ndinakana chifukwa inu munati ndipirire. Malo anga anapita ndi Mayamiko. Munkadziwa kale nthawi imeneyo?"

Cedric anayang'ana nsapato zake.

"Munkadziwa?"

"Zokambirana zinali zitayamba, koma..."

"Ndiye munandiletseranji?"

"Sindinakumange miyendo, Atikonda. Unasankha wekha."

Mawu amenewo anamulasa kuposa chinkhoswe. Anamuyang'ana munthu uja, wa matuza m'manja, wa ndowa yotayikira, n'kulephera kumupeza. Patsogolo pake panaima mlendo chabe wovala tisheti ya buluu.

"Zoona," anatero motsitsa mawu. "Ndinasankha ndekha."

"Usakwiye, duwa langa. Chonde usauze abusa. Ntchito ya Mulunguyi ingaonongeke. Tiye timalize denga, kenako tikhale pansi."

Atikonda anatembenuka n'kuchoka.

Lolemba m'mawa anatsikira kumjigo monga mwa masiku onse, poti simenti sidziwa kuti munthu wasweka mtima. Veronica anamutsatira ndi ndowa yake. Anapopa mosinthana. Ndowa zitadzaza, Veronica anakhala pamwala.

"Asisi, za kachewere zija ndinachita dala. Ndikhululukireni."

Atikonda anamuyang'ana.

"Ndinkadziwa za inu ndisanabwere. Dzina lanu linkangotulukira pafoni yawo. Nditawafunsa analira, anagwada, analonjeza kuti akafika kuno akuuzani okha. Ndiye ndimakuonani tsiku ndi tsiku mukuwapatulira nyama, maso anu akuwala. Ndinadziwa kuti sananene, ndiponso sadzanena. Ndinasowa poyambira. Ndikugona m'nyumba mwanu, ndikufunda bulangete lanu."

"Ndiye munabwera kudzandiona kuti ndine wotani?"

"Eya. Ndinkafuna ndikupezeni muli woipa, kuti ndizikudani bwino. Zakanika."

Atikonda anakhala pansi nayenso.

"Anandiuza kuti ndine woyamba."

Veronica anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Chaka chinacho tinakamanga zimbudzi pa mpingo wina ku Mwanza. Kumenekonso kuli woyamba."

"Nanga inu mukukwatiwa nawo bwanji mukudziwa zonsezi?"

"Sindikudziwa, asisi. Ndatopa. Makadi tinagawa. Amayi anga anasoketsa kale zovala za achibale. Kwaya ikuphunzira nyimbo. Ndikaganiza zoimirira pamaso pa anthu onsewo n'kuyamba kufotokoza, thupi lonse limalefuka. Ndimangoti mwina akalowa m'banja adzasintha."

"Mumakhulupirira zimenezo?"

Veronica anapinda nkhata yake, n'kuipindanso. Kenako anasenzetsana ndowa, wina kuthandiza mnzake, n'kukwera chitunda.

Masiku otsalawo Atikonda anagwira ntchito ngati munthu wogona. Anatunga madzi a pulasitala. Anaphunzitsa ana nyimbo yothokoza alendo. Nyama ankagawa mofanana, mbale ya Cedric n'kuisiya pamodzi ndi zinzake. Kafoni kakalira, sankakayang'ana. A Nangozo sananene kuti ndinakuuza. Ankangomuwotchera kachewere pamakala n'kumuikira pambali, ngakhale ankabwerera wosadyedwa.

Denga linakwera. Tsiku lotsegulira, mudzi wonse unasonkhana, malata akuwala mpaka kuthobwa m'maso. Abusa anapemphera, amayi analulutira, ana anaimba nyimbo yawo Atikonda akuwatsogolera. Kenako Cedric anaimirira kulankhula m'malo mwa achinyamata.

"Tithokoze mwapadera mlongo wathu Atikonda. Mtsikana wokhulupirika ngati ameneyu ndi wosowa masiku ano. Mulungu adzamupatse mphotho yake!"

Anthu anaomba m'manja. Atikonda anayang'ana dengalo. Linali lokongola ndithu. Ana sadzakhalanso pa simenti ya m'tchalitchi. Bwanji nanga iye ankangomva ngati wasenza njerwa zonsezo pamutu?

Chakudya chitatha, alendo anakwera kosita. Cedric anakhala pawindo, Veronica pambali pake. Anthu anazungulira galimoto akutsazikana, ana akugwiragwira magalasi. Atikonda anaima patali pang'ono, pamulu wa mchenga wotsala. Anamuona Cedric akuwerama, zala zikuyenda pafoni.

M'chitenje mwake kafoni kananjenjemera. Ulendo uno anakatulutsa.

"Wokondedwa wanga, usamvere zonse zimene wamva. Ukwati uwu ndi wa anthu, mtima ndi wako. Zinthu zikazizira ndidzabwera ndekha. Undidikire."

Anawerenga kamodzi kokha. Anadzutsa mutu. Munthuyo anali pomwepo, phewa lake litagunda phewa la mkazi amene adzamukwatire mu Okotobala, akumwetulira ana pawindo!

Dalaivala analiza injini. Atikonda anatsika pamchenga paja n'kuyenda pakati pa anthu mpaka pawindo. Sanathamange. Anagogoda pagalasi, Cedric n'kulitsegula, nkhope itasintha.

"Achimwene a Cedric, uthenga mwanditumizira pompanowu wafika."

Analankhula mosakuwa, koma kwaya ya m'kosita inasiya kuimba.

"Mwati ukwati wanu ndi wa anthu, mtima wanu ndi wanga. Mwati ndikudikireni. Ndati ndikuyankheni pamaso, poti kuno netiweki imavuta. Sindidikira. Ndatopa. Muyende bwino."

Abusa a ku Blantyre, amene anakhala kutsogolo, anatembenuka pang'onopang'ono. Cedric anatsegula pakamwa, koma mawu okoma onse aja anamuthawa.

"Asisi, mwina... mwina uthengawo unasochera..."

Veronica anatambasula dzanja, osati kwa Cedric, koma kwa Atikonda. Atikonda anamupatsira kafoni kaja pawindo. Veronica anawerenga, anayang'ana nthawi imene uthengawo unatumizidwa, n'kubweza foniyo ndi manja awiri.

"Zikomo, asisi."

Kenako ananyamula chikwama chake n'kuimirira. Anadutsa pakati pa mipando mpaka kumbuyo kwenikweni, nakakhala pakati pa ndowa zopanda kanthu ndi mafosholo. Cedric anatsala yekha, mpando wa pambali pake uli pululu.

Kosita inanyamuka popanda nyimbo. Fumbi litatsika, anthu a kwa Kadzuwa anayamba kunong'onezana, ena akumuyang'ana Atikonda ndi chisoni, ena ndi maso ofuna nkhani. Iye sanaime kuti amve. Anayenda yekha mpaka kwawo, analowa m'chipinda, n'kugona pamphasa osavula ngakhale nsapato.

Pamenepo ndiye misozi inabwera. Analira Cedric wa pamjigo amene sanakhalepo. Analira sukulu ya ku Lilongwe. Analira chaka chake chonse chimene chinathera pachulu. Analira mpaka kulira komweko kunamutopetsa, tulo n'kumutenga dzuwa lisanalowe.

Patapita nthawi, amayi awiri a mpingo anafika pakhomo akuodira.

"Odi, a Nangozo! Atikonda alipo? Mapoto a phwando akudikira kutsukidwa, ndipo madzi atha."

A Nangozo anatuluka, anatseka chitseko kumbuyo kwawo mosapanga phokoso, n'kukhala pakhomo pomwepo atatambalala.

"Mjigo mukuudziwa pamene uli," anatero. "Mwana wanga wagona."